Giyabokosi ya Ford Type 9 pa Triumph Spitfire 1500: kilachi yake iti?

Kamwendo77: Akuluakulu, Triumph Spitfire 1500 yanga ikulandira giyabokosi ya magiya 5, ya Type 9, yochokera mu Ford Sierra. Kilachi yakale ingagwire, kapena ndigule yonse yatsopano?

MakanikaWakale: Pressure plate (chopanikiza kilachi) ndi flywheel (gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini) zisiyeni za Triumph. Chosintha ndi clutch plate, mbale ya kilachi yomwe imalowa pa shafuti ya giyabokosi. Shafuti ya giyabokosi ya Spitfire 1500 ili ndi mano 20, pomwe ya Type 9 ili ndi mano 23 ndipo ndi yonenepa inchi 1. Pezani plate ya mainchesi 7¼ yokhala ndi mano 23 pakati. Musanamange, ilowetseni pa shafuti ndi dzanja, iziyenda mosavuta.

Nachisale: Achimwene, onetsetsaninso kuti giyabokosiyo inachoka pa injini iti. Ya V6 shafuti yake ndi yaitali kuposa ya masilinda 4. Ikatalika imagunda mkati mwa crankshaft (shafuti yaikulu ya injini), ndipo mukakakamiza ndi mabawuti mudya ma thrust washer (mawashala oletsa crankshaft kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo), omwe pa injini imeneyi ndi ofooka kale. Yezani kuchokera pamaso pa bellhousing (chikuto cholumikiza giyabokosi ku injini) kufika kunsonga ya shafuti, muyerekeze ndi mtunda wochokera pomwe bellhousing imakhudza injini kufika pansi pa dzenje la crankshaft.

Spigot bush, bushi ya m'dzenje la crankshaft momwe nsonga ya shafuti imalowa, nayo musaiiwale. Nsonga ya shafuti ya Type 9 ndi yonenepa 15 mm, bushi yakale siikwana. Ikakhala yothina shafuti imazungulirabe ngakhale mwaponda kilachi, giya yoyamba ndi rivesi n’kumakukuta.

MakanikaWakale: Zoonadi mayi. Propshaft (shafuti yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo) isinthidwenso, chifukwa Type 9 imafuna yoke (cholumikizira propshaft ku giyabokosi) yotsetsereka kumbuyo.