Albert Jacka: bwanji Victoria Cross imodzi yokha?

Funso la Mnyamata wa ku Domwe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Msilikali wa ku Australia uja Albert Jacka akuti zimene anachita ku France zinaposa za ku Gallipoli, koma mendulo yapamwamba ya Victoria Cross anailandira ya ku Gallipoli yokha. Zinkayenda bwanji kuti munthu apatsidwe mendulo?

A Phiri a ku Ulongwe:
Mwana wanga, tiyambe ndi za ku Gallipoli, m'dziko la Turkey. Usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Meyi 1915, asilikali a Turkey analanda mbali ina ya ngalande yobisalamo asilikali a Australia pamalo otchedwa Courtney's Post. Jacka anali lansi kopolo mu 14th Battalion. Poyamba analowa chamaso ndi anzake, anzakewo n'kuvulazidwa. Kachiwiri anasintha nzeru: ena anatsala akuponya mabomba kuti adani aziyang'ana kumeneko, iye anatuluka m'ngalande, kuzungulira pabwalo pomwe zipolopolo zinkadutsa, n'kudumphira kumbuyo kwawo. Asanu anawaombera, awiri anawabaya ndi mpeni wa kumfuti. Ndiye anakhala woyamba mwa asilikali a Australia kulandira Victoria Cross pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse.

Mendulo imeneyi siibwera chifukwa anthu akukamba. Mkulu wa gulu amalemba, mboni zitatu zimatsimikiza, pepala limakwera ofesi ndi ofesi mpaka kwa mfumu ku London. Paliponse pamene ladutsa, wina akhoza kulitsitsa.

Mayi Nabanda a ku Moatize:
A Phiri anena bwino, ndipo pamawu omalizawo ndi pamene pagona nkhani. Ku Pozières ku France, m'bandakucha wa pa 7 Ogasiti 1916, Ajeremani anadutsa mzere wa gulu la Jacka iye ali m'dzenje lobisalamo, bomba n'kugubuduzidwira momwemo. Atatuluka anapeza adani akukusa asilikali pafupifupi 40 a 48th Battalion ngati mbuzi zopita kumsika. Iye ndi anthu asanu ndi awiri okha anawathamangira. Ogwidwa aja poona zimenezo anatembenukira owagwirawo, malo aja n'kubwerera. Jacka anatuluka ndi mabala asanu ndi awiri. Anam'patsa Military Cross, mendulo yotsikirapo poyerekeza ndi Victoria Cross.

Olemba mbiri amatchula zifukwa ziwiri zimene sanam'patsire Victoria Cross yachiwiri. China n'chakuti kulemba bwino za tsikulo kukanaulula kuti adani analowa mosavuta pamalo amene iyeyo ankayang'anira. China ndi pakamwa pake: sankawaopa akuluakulu. Ku Bullecourt mu Epulo 1917 anakwawa usiku kukazonda waya wa adani, anagwira Ajeremani awiri, analandira Military Cross yachiwiri, kenako analemba lipoti lodzudzula mmene akasinja anagwirira ntchito. Sanapitirire pa ukaputeni. Ine ndimaona kuti ya ku Pozières anam'mana.

A Jere a ku Tsangano:
Achimwene, musasokoneze mamendulowa. Military Cross inayamba mu Disembala 1914, ya maofesala kuyambira kaputeni kutsika ndi ma warrant officer. Asilikali wamba ankalandira Distinguished Conduct Medal, kapena Military Medal imene inadza mu 1916. Nthawi imeneyo pa mamendulowa Victoria Cross yokha ndiyo sinkasankha udindo. Ukapambana kachiwiri sakupatsa mendulo ina, amangomangirira kachitsulo pansalu ya yoyamba ija. Victoria Cross ndi ya mkuwa, nsalu yake yofiira moderako, dzina la mwini amalizokota kuseri kwa kachitsulo kopachikira, tsiku la nkhondo pakati kuseri kwa mtandawo. Ya Jacka ili ku Australian War Memorial ku Canberra, choncho wina akakuonetsani yake pa Facebook kuti mugule, ndi yabodza.

Nkhondo yomweyo inafika kwathu kuno ku Mozambique, musaiwale. Mu 1917 Apwitikizi ankagwira anthu mokakamiza kukasenza katundu wa asilikali, mpaka a ku Barue anaukira, moto wake n'kufika m'madera a Tete. Amtengatenga amenewo analibe ofesala wowalembera pepala ngati lija anena a Phiri.