Thandizeni, filimu ya wopha anthu ija ndi yabwinodi?

Wofunsa: Abale, amuna anga akukakamira kuti usiku uno tionere filimu ya bambo wina wopha anthu mmodzimmodzi, akuti ndi nkhani yoona. Ndi yaitali, pafupifupi maola atatu. Munthu yemweyu filimu isanafike pakati amakhala akuliza mkonono, rimoti ataifumbata, ine n'kutsala ndekha ndi mantha. Mlamu wanga akuti ndi yotopetsa, koma iyeyo sayamika kanthu, ngakhale makatani anga anawanyoza. Ndionere kapena ayi?

Wokonda mafilimu: Achemwali, mlamu wanuyo anazolowera za magazi. Filimu yabwino ya mtunduwu imatsata ofufuza, osati mpeni: mafayilo ambwee patebulo, mboni zosemphana mawu, wapolisi banja likumuthera chifukwa cha mlandu umodzi. Ngati ndi ya Zodiac, wopha anthu wa ku California uja, musadikire zoti amangidwa kumapeto. Mpaka lero sakudziwika. Kalata ya zizindikiro imene anatumiza ku nyuzipepala mu 1969 anadzaimasulira mu 2020!

Mayi wa ana awiri: Ine ndinaonera ya Ted Bundy, tulo osabwera. Chinandinyansa n'choti anaikapo mnyamata wooneka bwino, atsikana n'kumamusirira. Bundyyo anavomera kuti anapha akazi 30, koma mayina a akaziwo akuwakumbuka ndani?

Wokonda mafilimu: Mayi, nkhopeyo ndiyo inali nyambo yake! Ankamanga mkono ngati wovulala n'kumapempha thandizo. Akanamuonetsa ngati chilombo likanakhala bodza.

Mayi wa ana awiri: Bambo, sindinapemphe phunziro.

Wanthabwala: Vuto si filimu, ndi rimoti. Ibiseni.

Bambo wachikulire: Abale a ophedwawo ena akadali moyo, inu mukuti chisangalalo. Tafika pamenepa?

Wina: Onani zaka zovomerezeka, ana asakhalepo, ndipo muonere masana. Koma dzina la filimuyo ndi chiyani?

Wofunsa: Ndaiwala, koma pachithunzi pake pali mdima.

Wokonda mafilimu: Zonse zimakhala ndi mdima, achemwali! Ndipo akuluakulu mukudzudzulanu, si zonse zimatamanda wakupha. Ya ku South Korea ya 2003, yonena za akazi ophedwa ku Hwaseong kuyambira 1986, inaonetsa apolisi akumenya anthu osalakwa kuti avomere mlandu. Wopalamula weniweni anadziwika mu 2019 chifukwa cha DNA, ali kale m'ndende pa mlandu wina. Amene akuti imeneyo ndi yotopetsa abwere titsutsane.