Anthu titatha, chimanga chingapulumuke?

Abale, ndithandizeni nzeru. Masiku ano mutu wanga wangodzaza ndi maganizo a dziko lopanda anthu, mpaka mayi a kunyumba ayamba kundiyang'ana mokayika. Chidandikopa ndi mzinda wa Pripyat ku Ukraine. Ngozi ya nyukiliya ya Chernobyl itachitika mu 1986, anthu pafupifupi 50,000 adasamutsidwa, ndipo lero mitengo yamera pakati pa nyumba zosanja, mimbulu ndi nguluwe zikungoyendayenda m'deralo.

Za nyama zakutchire ndamvetsa. Chandiimitsa mutu ndi chimanga. Njere zake zimakanirira pachitsononkho, zitakutidwanso ndi makoko, ndiye sizimwazika zokha ngati za udzu. Popanda wobzala, chingamere zaka zingati chisanatheretu? Nanga nkhuku zachizungu zozolowera kudyetsedwazi? Mbuzi sindikuzidera nkhawa, zija sizisankha chakudya. Inu odziwa zaulimi, tandimasulirani.