Bot ya pa gulupu ndiilembenso kuyambira pachiyambi kapena ndizingoikonza?

gologolo_dev

Akuluakulu mundithandize nzeru. Pa gulupu yathu ya Telegram tili ndi bot imene imalandira anthu atsopano, kufufuta ma link a anthu otsatsa zabodza aja komanso kukumbutsa anthu za miting ya sabata iliyonse. Mkulu amene anailemba anatanganidwa ndi zina nde anangondiwonjezera pa repo ya GitHub, komwe kumasungidwa code yake, nkundiuza kuti ndiziiyang'anira, basi. Ndi ya Python, library yake ndi python-telegram-bot, zonse anaziunjika mufayilo imodzi yaitali zedi, test mulibe olo imodzi ndipo README yake imangotchula dzina la bot.

Zikundizunguza mutu ndi izi. Munthu akalowa pena bot ikumupatsa moni kawiri, ndipo mu log mukungobwera `Conflict: terminated by other getUpdates request`. Chikumbutso cha miting chija chimachokera ku GitHub Actions (makina a GitHub oyendetsa ntchito okha) pa cron, ndandanda ya nthawi yoikika, poyamba chinkangochedwa koma pano chinasiyiratu mwakachetechete, anthu akundifunsa ngati ndine ndinathimitsa. Nde nditati ndiiyese pa laputopu yanga pip install yadutsa bhobho koma kuiyatsa ikukana, ati `cannot import name 'Filters'`. Pomwe pa seva code yomweyomweyo ikuyenda.

Mtima wanga ukuti ndingoitaya ndilembe ina yooneka bwino weekend ikubwerayi. Amene munalandirapo bot ya munthu wina munapanga bwanji?

mkulu_wa_seva

Achimwene musaitaye. Nyumba sitigwetsa chifukwa choti denga likudontha. Pa zonse mwatchulazo palibe olo chimodzi chimene chikubwera chifukwa code ndi yonyansa, mukhoza kulemba yatsopano yokongola nkupeza mavuto omwewo akukudikirirani.

Yambani ndi token, kiyi yachinsinsi imene bot imadziwika nayo kwa Telegram. Conflict imeneyo ikutanthauza kuti pali mapulogalamu awiri amene akufunsa mauthenga kwa Telegram ndi token imodzi, ndipo Telegram imalola mmodzi yekha pa getUpdates. Mwina mwiniwake uja anasiya kope ina ikuyendabe penapake nkuiwala, mwinanso ndi inuyo pomwe mumayesa pa laputopu ndi token yeniyeni. Musavutike kusakasaka kuti ili kuti, tsegulani BotFather, bot ya Telegram yopangira ndi kuyang'anira ma bot, mulembe /revoke mulandire token yatsopano, yakaleyo imafa pompo ndipo kope inayo ingotsala ikulira 401 yokhayokha. Vuto nloti BotFather amamvera akaunti imene inapanga bot yo, nde ngati ndi ya mkulu uja mumupemphe akusamutsireni umwini, njira yake ili mu BotFather momwemo. Izi zokha ndi zofunika kuposa china chilichonse mwalembacho, bot imene mwiniwake sayankha foni si yanu.

Ndipo muone ngati token yo inalembedwa mu code. Ngati inalowapo mu commit olo kamodzi, kuichotsa mufayilo sikuthandiza, git imasunga mbiri yonse aliyense akhoza kubwerera mmbuyo nkuiwerenga. Yatsopanoyo ikhale mu environment variable kapena mu .env imene ili mu .gitignore.

Za Filters zo nzosavuta. Library imeneyi inasintha kwambiri pa version 20 imene inatuluka mu Januwale 2023, anaisamutsira ku asyncio, Dispatcher anaichotsa nkubweretsa Application, Filters ya F wamkulu inasanduka filters. Seva yanu ili ndi 13 yakale pomwe laputopu yanu yakoka yatsopano chifukwa mu requirements.txt anangolemba dzina osalemba nambala. Lowani pa seva pomwe zikuyendapo, panga pip freeze, zimene zitulukezo ndi zimene muike mu requirements.txt ndi == zake zonse. Mukatero laputopu ndi seva zizilankhula chimodzi.

Chifukwa china chimene ndikukukanizirani kulembanso, ma if osaoneka bwino mukuwaona mufayilomo ambiri anabwera chifukwa tsiku lina china chake chinaphulika. Munthu wopanda username, uthenga wa chithunzi chokhachokha umene text yake ndi None, gulupu itasanduka supergroup nambala yake nkusintha kuyamba ndi -100. Sizinalembedwe paliponse, zili mu ma if momwemo. Mukayamba pa pepala loyera muzazikumana zonsezo chimodzichimodzi, ndipo muzidzazidziwira kwa anthu a pagulupu akudandaula.

kadzidzi_wausiku

Ine ndingoyankhako za Actions zo poti ndi zimene ndimalimbana nazo daily kkkk

Repo yanu ndi ya public eti? Ngati ndi choncho GitHub imathimitsa yokha ma workflow a schedule, ntchito zoyenda zokha pa nthawi yoikika ngati chikumbutso chanucho, pakatha masiku 60 popanda chochitika pa repo. Mwiniwake atasiya kupusha, wotchi inayamba kuwerenga. Pitani pa tab ya Actions, dinani workflow yo, muona chikwangwani chokuuzani kuti inathimitsidwa ndi batani la Enable workflow. Ndipo musadabwe kuti simunalandire imelo, zidziwitso za workflow ya schedule zimapita kwa amene anasintha mzere wa cron komaliza, nde zonse zinkagwera kwa mkulu wotanganidwa uja.

Kuchedwako nako si bug yanu. GitHub yomwe imanena poyera kuti schedule ikhoza kuchedwa makina awo akapanikizika makamaka kumayambiriro kwa ola, chifukwa aliyense padziko amalemba 0 pa mphindi. Ikani mphindi yachilendo ngati 17 kapena 43 zimachepako. Kumbukiraninso kuti cron ya kumeneko imawerenga UTC, ngati kwanu kuli patsogolo ndi maola awiri ndipo mukufuna 8 koloko mmawa mulemba 6. Komanso imangoyenda pa default branch, mukaisinthira pa branch ina nkumadikirira muzadikira mpaka kalekale. Onjezerani `workflow_dispatch` pansi pa `on:` kuti muzitha kuiyendetsa ndi dzanja poyesa osadikira sabata yamawa.

China chimene chimapweteka anthu ambiri, ngati workflow yo imatumiza uthenga ndi curl, onani ngati pali `--fail`. Popanda imeneyo curl imati zayenda olo Telegram itabweza 401 kapena 400, nde mumaona chizindikiro chobiriwira chonyadira pomwe pagulupu sipanafike kanthu. Izi zikukhudzani posachedwa, mukapanga revoke imene akuuzani a mkulu_wa_seva, token ya mu Secrets ya repo nayo ifa, muisinthenso kumeneko.

Koma kunena zoona ine chikumbutso chimenechi sindikanachisiya ku Actions. Bot ili kale pa seva usana ndi usiku, library yo ili ndi JobQueue, run_daily imakwanitsa ntchito imeneyi pa nthawi yake yeniyeni ndipo token imakhala malo amodzi. Actions isiyireni ntchito yoyendetsa ma test.

nkhwazi404

A mkulu_wa_seva ndikugwirizana nanu kuti asalembenso weekend imodzi, koma pena mwawapatsa mtendere wambiri. Kukhoma version pa 13 ndi bandeji chabe. Mzere umenewo unathera pa 13.15, zatsopano za Bot API sizikulowamo, ndipo umadalira module ya imghdr imene anaichotsa mu Python 3.13. Tsiku lina wina azapanga update seva nkupeza bot siyikudzukanso. Nde inde akhome lero kuti apume, koma kusamuka kukhale pa pulani osati "tizaona".

Mmene ndimapangira ine, ndisanakhudze library ndimayamba ndatulutsa maganizo a bot mu ma handler, tizigawo ta code timene timalandira mauthenga ochokera ku Telegram. Mwachitsanzo pa zofufuta ma link, pakhale function payokha imene imalandira mawu nkubweza True kapena False, isadziwe olo pang'ono kuti kunja kuno kuli Telegram. Handler ntchito yake ingokhala kutenga uthenga, kufunsa function ija, kufufuta. Function yotereyi kuitesita ndi pytest ndi mizere yochepa, mumangoipatsa mauthenga enieni a spam amene anadutsapo pagulupu ndi ena abwinobwino amene bot inawafufuta molakwa, ndipo ameneŵa ndi amene ali ofunika kwambiri chifukwa munthu akamufufutira uthenga wake wosalakwa amakwiya kuposa akaona spam. Spam yatsopano ikadutsa mumaiwonjezera pa mndandanda kaye kenako nkukonza. Mukafika posamukira ku version yatsopano mupeza kuti zosintha ndi zakunja zokha, kuika async ndi await ndi maina atsopano aja, mtima wa bot osaukhudza.

Pangani bot yachiwiri kwa BotFather ndi kagulupu koyesera ka inu ndi admin mnzanu. Osayesera pa anthu. Muipatse u admin ngati yeniyeniyo, apo ayi privacy mode iibisira mauthenga wamba muziganiza kuti code yafa.

A kadzidzi pa run_daily po muwachenjeze, masiku anawasintha. Pa 13 nambala 0 ndi Lolemba, kuyambira pa 20 nambala 0 ndi Lamlungu. Palibe error imene imabwera, chikumbutso chimangofika tsiku lolakwika. Ndipo pa 20 JobQueue siibwera yokha ndi pip install wamba, pamafunika kuika gawo lake la job-queue.

Za moni wa kawiri, sindikukhulupirira kuti ndi Conflict yokha. Sakani mufayilomo ngati pali handler ya new_chat_members komanso ina ya chat_member, munthu mmodzi akalowa ziwiri zonsezo zikhoza kulira. Poti mwafika pamenepo onaninso chimachitika nchani anthu ambiri akalowa nthawi imodzi, Telegram salola bot kupitirira mauthenga 20 pa mphindi mugulupu imodzi, ikapyola imabweza 429 ndi retry_after yokuuzani masekondi oti mudikire. Bot zambiri zolembedwa mothamanga zimangoyesanso pompopompo nkuwonjezera chilango. Bola kusonkhanitsa maina nkupereka moni umodzi.

Dependabot, bot ya GitHub imene imakuuzani library ikatulutsa version yatsopano, yatsani koma pambuyo poti ma test alipo. Kupanda apo azingokutumizirani ma pull request amene simungadziwe ngati ali bwino.

gologolo_dev

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Mkulu uja wayankha, wandisamutsira umwini ndipo ndapanga revoke, Conflict yatheratu. Akuti kope ina inali pa seva yake yakale imene ankaganiza kuti inathima. Workflow nayo inalidi yothimitsidwa ngati mmene ananenera a kadzidzi, ndipo curl yake inalibe --fail. Achemwali a nkhwazi munalasa, ma handler alipodi awiri, ina ili kumtunda ina kumunsi kwenikweni kwa fayilo, ndachotsa imodzi pa bot yoyesera moni ukubwera kamodzi.

Funso lina, pano kuti code yatsopano ifike pa seva ndikulowa ndi ssh, git pull, kupha process nkuiyatsanso mu screen, kapulogalamu kamene kamaisiya ikuyenda ine nditatuluka. Ndipange zoti ndikangopusha ku main izipita yokha?

mkulu_wa_seva

Musanafike kumeneko chotsani screen yo kaye. Lembani ka unit file ka systemd, pulogalamu imene imayatsa ndi kuyang'anira ma service pa seva, muikemo `Restart=on-failure` ndi `RestartSec` ya masekondi angapo, token ilowe kudzera pa `EnvironmentFile`, kenako systemctl enable kuti seva ikazima nkuyakanso bot idzuke yokha. Ma log muziwaona ndi `journalctl -u` ndi dzina la service yo. Zimenezi zikutetezaninso ku Conflict ija, chifukwa ndi screen nkosavuta kuyatsa yachiwiri yoyamba isanafe.

Zoti push iliyonse izipita yokha ine ayi, pakadali pano. Ma test anu akadali ochepa, ndipo tsiku lina muzakonza ka typo pa foni usiku nkugwetsa bot anthu onse ali mtulo. Pangani kuti ma test aziyenda pa pull request iliyonse, koma deploy izichitika mukaika tag kapena mukadina nokha workflow_dispatch. Zikavuta mumabwerera ku tag yapitayo, nkhani yatha. Kiyi ya ssh imene muike mu Secrets ikhale ya user amene angathe kungokoka code ndi kuyatsanso service imeneyo, osati root.

A nkhwazi akunena zoona za kusamuka, sindikutsutsa, ine ndimangofuna munthuyu ayambe wagona tulo kkk.

Muganizirenso zimene bot izichita ikadzuka itakhalitsa chigonere. Telegram imasunga ma update osatengedwa mpaka maola 24, nde ikayaka imawalandira onse nthawi imodzi nkuyamba kupereka moni kwa anthu amene analowa dzulo. Pali `drop_pending_updates` imene imataya zonsezo, koma dziwani kuti ndi spam yomwe imene inalowa nthawi imeneyo siifufutidwa. Ine ndimasiya ma update abwere, koma handler ya moni imayang'ana nthawi ya uthenga, ngati ndi wakale imangodutsa.

nkhwazi404

Ndiwonjezere kamodzi. Ikani error handler imene izitumiza traceback ku kagulupu ka ma admin, koma muidule chifukwa uthenga wa Telegram supitirira zilembo 4096, traceback yaitali imakanika kutumizika nde error handler yomweyo nkugwanso. Ndipo admin mnzanu uja mumuwonjezere pa repo ndi pa seva sabata yomwe ino, mulembe mu README mmene angayatsirenso service ndi komwe kuli token, kenako mumuuze ayese yekha inu mutangokhala chete. Pamene akakamirepo ndi pamene README ikuperewera.

gologolo_dev

Chabwino ndayamba ndi systemd yo. RestartSec ndaika 10, ikavuta ndibweranso ndi log.