Nyali ya xenon ikumathima yokha, ndigule balasiti yotani?

Wofunsa

Moni nonse pa gulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za nyali za HID, zija ena amati xenon. Galimoto yanga inabwera nazo kuchokera kufakitale, si zochita kuikamo ayi. Vuto lili pa nyali ya kumanzere. Ndikayatsa imayaka bwinobwino, koma ndikayendako pang'ono imayamba kuphethira kenako n'kuthima. Ndikazimitsa n'kuyatsanso imabwerera, koma sipapita nthawi yathimanso. Ya kumanja ilibe vuto lililonse. Ndimanyamula ana pobwerera usiku, ndiye kuyenda ndi nyali imodzi kukundisowetsa mtendere.

Amene anaiona anangoti balasiti (kabokosi kamene kamayendetsa magetsi opita ku babu) yapita, osatsegula n'komwe. Akuti ndigule ija yopyapyala ya 55W imene imabwera m'makiti a HID, poti ndi yotchipa komanso idzawala kuposa ya 35W imene ilimo. Pa babu palembedwa D4S. Ndiye ndingadziwe bwanji kuti wolakwa ndi balasiti osati babu? Ya 55W ija ingagwire? Ngati singagwire, ndifune yatsopano kapena yochotsa pa galimoto ina? Chinanso, mkati mwa galasi la nyali yomweyo mumachita nthunzi kukagwa mvula kapena ndikatsukitsa galimoto. Kodi zimenezi zikugwirizana ndi kuthimaku?

Wa magetsi a galimoto

Mayi, musagule kanthu kaye. Zimene mwafotokozazi babu lotha limachitanso chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri limakhala babu.

Babu la HID lilibe kawaya koyaka ngati la halogen. Muli timitu tiwiri tachitsulo totalikirana pang'ono, ndipo moto umalumpha pakati pake kudutsa mu mpweya wa xenon. Kuti ulumphe koyamba pamafunika mphamvu yoposa mavoti 20,000, ndiyo ntchito ya igniter. Ukangolumpha, balasiti imatenga mavoti 12 a batire n'kuwasandutsa AC (magetsi osinthasintha kolowera) yoyenera babulo, n'kumasunga mawati 35 osakwera osatsika. Babu likamakalamba timitu tija timadyeka, mpata umakula, ndipo likatentha limayamba kufuna mavoti ochuluka kuposa amene balasiti inapangidwira. Moto umaduka, balasiti imadziteteza n'kuzima. Mukazimitsa n'kuyatsanso mumakhala mwaiuza kuti iyambirenso, n'chifukwa chake nyali imabwerera. Balasiti yabwinobwino imachita zimenezi ikakumana ndi babu lotha.

Yambani ndi kuyang'ana mtundu wa kuwala. Imikani galimoto moyang'ana khoma usiku. Ngati ya kumanzere ikuoneka yapinki kapena yapepo poyerekeza ndi inzake, babu latha. Koma mayeso enieni ndi kusinthanitsa: babu la kumanzere lipite kumanja, la kumanja libwere kumanzere. Vuto likasamuka ndi babu, nkhani yatha. Likatsala kumanzere, ndiye tiyang'ane balasiti, igniter ndi mawaya.

Amene akusinthanitsayo azimitse nyali, achotse kiyi, amasule waya wa negative pa batire, adikire mphindi zingapo. Asayatse nyali babu lisanalowe mu soketi, ndipo asagwire galasi la babu ndi zala chifukwa mafuta a m'manja amaliwononga likatentha. Magetsi a pamenepa amavulaza munthu, si ogwiragwira.

Za nthunzizo zikundidetsa nkhawa. Pa magalimoto ambiri balasiti imamangidwa kunsi kwa nyali, ndiye madzi aliwonse olowa mkati amatsikira pomwepo.

Wokonda makiti

Ine ndikugwiritsa ntchito ya 55W ndipo msewu umaoneka ngati masana. Achemwali, musavutike ndi orijino, ingogulani kiti yonse, mabalasiti awiri ndi mababu ake, mbali zonse zifanane. Pali ma adapter amene amalumikiza zonsezo.

Wa magetsi a galimoto

Achimwene, galimoto yanu inabwera ndi nyali zotani? Ngati munachotsa halogen n'kuika kiti, imeneyo ndi nkhani ina. Ya mayiwa ndi D4S ya kufakitale.

Mababu amenewa ali m'magulu awiri. D1 ndi D2 amayendera mavoti pafupifupi 85 akayaka, ndipo muli mercury. D3 ndi D4 alibe mercury ndipo amayendera mavoti pafupifupi 42. Onse ndi a 35W, kutanthauza kuti D4S imakoka karenti yowirikiza kawiri poyerekeza ndi D2S. Mabalasiti ambiri a m'makiti anapangidwira mababu a gulu la mavoti 85. Mukailumikiza ku D4S ndi adapter, mwina iyaka, koma idzaphethira, idzathimathima, kapena idzapha babu msanga. Opanga mababu anasiyanitsa dala timipata ta m'mphepete mwa tsinde la babu kuti D2S isalowe pamalo pa D4S. Munthu akamasema timipatato kuti babu lilowe, akuchotsa chitetezo chimene anaikirapo.

Kusiyana kwina: pa D1 ndi D3 igniter ili pa babu lenilenilo, kabokosi kachitsulo kaja ka kumbuyo. Pa D2 ndi D4 babu lilibe igniter, imakhala mu soketi imene imavala kumbuyo kwa babu kapena mkati mwa balasiti. Ndiye kwa mayiwa, soketiyo ndi waya wake wonenepa uja ziyeneranso kuonedwa ngati zili ndi ming'alu kapena zizindikiro zakupsa.

Tsono za 55W. Inde imawala kwambiri poyamba, sindikukana. Koma babu ndi la 35W, ndiye mukulikakamiza. Timitu tija timadyeka msanga, kutentha kumakwera, ndipo chimene chimandipweteka ine ndi mbale yonyezimira ya mkati mwa projector, nyali ija yokhala ndi kagalasi kozungulira kolunjikitsa kuwala. Ikapserera, kuwala kumachepa mpaka kalekale, ngakhale mutaika babu latsopano la mtengo wapatali. Pamenepo mwasiya kufuna balasiti, mukufuna nyali yonse. Onjezaninso kuti m'makiti otchipitsitsa muli mabalasiti otulutsa DC (magetsi olowera mbali imodzi) m'malo mwa AC, amene amadya kamutu kamodzi kokha ka babu.

Dalaivala wa usiku

Ndilankhuleko ngati munthu amene ndimakumana nazo nyalizi maso ndi maso usiku uliwonse. Amene mumaika HID m'nyali zopangidwira halogen, inu mumaona bwino koma ife obwera kutsogolo timathobwa m'maso mpaka osaona m'mphepete mwa msewu, pomwe pamayenda anthu ndi njinga. D2S ya 35W imatulutsa ma lumen (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 3,200, pomwe H7 ya halogen ya 55W imatulutsa pafupifupi 1,500. Kuwala konseko kukalowa m'mbale imene sinapangidwire babu lotere kumangomwazika. N'chifukwa chake malamulo a ECE, amene amatsatidwa ku Ulaya ndi mayiko ena, amafuna kuti nyali ya dimu yopitirira ma lumen 2,000 ikhale ndi chotsukira galasi komanso chowongolera msinkhu wa kuwala. Achemwali, nyali zanu zinapangidwa bwino kale, chonde musazisandutse zothobwa anzanu. Ndipo mukamagula babu, khalani pa 4300K, nambala yosonyeza mtundu wa kuwala. Za 8000K zabuluu zija zimaoneka zokongola koma zimawala mochepa, ndipo pa msewu wonyowa zimakhala ngati simunayatse.

Wokonda makiti

Zoona, yanga inali ya halogen. Koma orijino yatsopano si aliyense angaikwanitse, akulu. Munthu atani?

Wogulitsa masipeya

Funso limeneli ndi labwino. Njira zilipo zitatu ndipo sizifanana.

Yatsopano ya wopanga weniweni ndiyo yopanda nkhawa, koma dziwani kuti opanga magalimoto sapanga okha mabalasiti. Amagula kwa makampani monga Hella, Valeo, Denso, Koito, Mitsubishi Electric, Stanley ndi Automotive Lighting. Pa balasiti yanu pali chipepala chomatidwa cholembedwa dzina la kampani, nambala ya sipeya, mtundu wa babu ndi mawati. Jambulani chipepalacho ndi foni. Nambala imeneyo ndiyo mukagulire, osati dzina la galimoto ndi chaka chokha, chifukwa galimoto imodzi yomweyo imatha kukhala ndi nyali za makampani awiri osiyana malinga ndi msika umene inapangidwira. Nthawi zina balasiti imodzi imagwiritsidwa ntchito pa magalimoto angapo, ndiye nambala imakutsegulirani malo ambiri ofunako.

Yachiwiri ndi orijino yochotsa pa galimoto ina. Ine ndimaikonda kuposa yatsopano yosadziwika wopanga, bola muiyese musanapereke ndalama. Kuyesa kwake si kungoona kuti yayaka. Isiyeni iyake mphindi 15 kapena 20 mpaka itenthe, chifukwa yodwala imaonekera ikatentha. Kenako zimitsani n'kuyatsanso nthawi yomweyo babu lili lotentha, muone ngati igwira. Yang'anani timapini ta pulagi: tikakhala ndi zobiriwira kapena zoyera ngati ufa, inamwapo madzi, isiyeni.

Yachitatu ndi zatsopano zopangidwa mofanizira, zolembedwa kuti zimalowa m'malo mwa nambala yakutiyakuti. Zina zimagwira bwino, zina zimafa msanga, ndipo kunja zimaoneka chimodzimodzi. Mukasankha imeneyi, ikhale yolembedwa D4S 35W, pulagi ndi mabowo a masikuluwu zifanane ndendende ndi yakale, ndipo wogulitsa akupatseni galanti yolembedwa.

Wofunsa

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Ndinapita kwa wa magetsi wina ndi malangizo anuwa. Tinasinthanitsa mababu, vuto latsala kumanzere, ndipo babu lija likuyaka bwino kumanja ngakhale mtundu wake ukupita kupinki pang'ono. Atamasula bampala n'kutulutsa nyali, mu balasiti munatuluka madzi, ndipo timapini tachita zobiriwira monga mwanenera bambo a masipeya. Ndiye ndi balasitidi, koma ya 55W ndaisiya. Nambala ndaijambula. Tsopano ndifunse: kodi yonyowayi ingaumitsidwe n'kugwiranso? Ndisinthe mabalasiti onse awiri kapena imodzi yokha? Ndipo pali wina wandiuza kuti yatsopano imafunika kuilowetsa mu kompyuta ya galimoto, n'zoona?

Makaniko wachikulire

Mwana wanga, mwachita bwino kuyesa musanagule. Yonyowayo ena amaitsegula, kuitsuka ndi mankhwala otsukira zamagetsi n'kuiumitsa, ndipo imatha kudzuka. Koma poti dzimbiri lafika kale pa timapini, ndiye kuti madzi akhalamo nthawi, ndipo mkati mwadyeka. Pa galimoto yonyamula ana usiku ine sindingaibwezeremo.

Balasiti sinthani imodzi yokha. Ya kumanja ngati ili youma isiyeni, siitha chifukwa choti inzake yatha. Mababu ndiwo musinthe onse awiri pamodzi. Limodzi layamba kale kupita kupinki, ndipo mukaika latsopano mbali imodzi mitundu idzasiyana. Komanso babu lotha limavutitsa balasiti ndi igniter poyatsa, ndiye musaveke babu lakale pa balasiti yatsopano. Osram ndi Philips ndi mayina odziwika pa mababu amenewa, koma afeki alipo ambiri m'mabokosi ofanana, choncho gulani kwa wogulitsa wodalirika. Chilembo chomaliza chisasinthe: S ndi ya nyali ya projector, R ndi ya nyali ya mbale wamba ndipo ili ndi utoto wakuda wotchinga mbali ina ya galasi.

Wa magetsi a galimoto

Ndiwonjezere pa zimene anena madalawa. Za kompyuta zimatengera galimoto. Pa magalimoto ambiri a D4S balasiti imangolandira mavoti 12 ndi earth (waya wa negative womangidwa pa chitsulo cha galimoto) basi, mukalumikiza yayaka. Zolowetsa mu kompyuta zimapezeka kwambiri pa nyali zimene zimatembenuka potsatira chiwongolero, ndipo kawirikawiri chofuna zimenezo ndi kabokosi kena koyendetsa kutembenukako. Onani pulagi yolowetsa magetsi mu balasiti yanu. Ngati ili ndi mawaya awiri okha, palibe cholowetsa mu kompyuta. Ikakhala ndi mawaya ambiri, funsani wogulitsa potengera nambala ija musanalipire.

Koma Mayi, ntchito yaikulu ndi madziwo. Mukaika balasiti yatsopano pa nyali yodontha, idzafa imfa yomweyo. Nyali ili panja kale, ndiye ino ndiyo nthawi yake. Aone chivundikiro cha kumbuyo ngati labala wake ali bwino ndipo chikutsekeka mpaka kumapeto, chifukwa nthawi zambiri madzi amalowera pamenepo munthu akasintha babu n'kutseka mopotoka. Aone mzere umene galasi limakumana ndi thupi la nyali, makamaka pamwamba, ndi ming'alu pafupi ndi pomangira mabauti. Aonenso timapaipi topumira ta kumbuyo. Timeneti asatimate ayi, nyali imafunika kupuma kuti chinyezi chizituluka, angotichotsa fumbi ndi matope. Pakati pa balasiti ndi nyali pamakhala labala wake, asabwezere wakale ngati waphwanyika kapena wauma.

Aumitse mkati ndi mpweya wofunda, osati wotentha kwambiri, ndipo asapukute mbale yonyezimira ndi nsalu chifukwa utoto wake umachoka mosavuta. Pulagi ya mbali ya galimoto nayo inanyowa, ndiye aitsuke, ndipo timapini tikakhala todyeka asinthe pulagi yonse m'malo mopotokola mawaya n'kukulunga tepi. Asanatseke ayeze magetsi ofika pa pulagi injini ikulira, akhale pakati pa mavoti 13.5 ndi 14.5, ndipo waya wa earth ukhale womangika pa chitsulo choyera. Poyatsa balasiti imakoka karenti yambiri kwa kanthawi kochepa, ndiye earth yofooka imabweretsa kuphethira komwe kuja ngakhale zonse zili zatsopano. Fyuzi ikhale ya nambala imene buku la galimoto likunena, asaike yaikulupo.

Nyali ikabwerera pa galimoto, athire madzi ndi paipi kwa mphindi zingapo muone ngati nthunzi ibweranso, kenako aiwongole msinkhu pa khoma, galimoto ili pamalo osatsetsereka, kuti mzere wa dimu wa kumanzere ugwirizane ndi wa kumanja.

Wofunsa

Pulagi yake ili ndi mawaya awiri okha, ndaona. Labala wa chivundikiro cha kumbuyo ndi wong'ambika, ndiye ndikufuna ameneyo kaye pamodzi ndi wa pansi pa balasiti. Bambo a masipeya, ndikutumizirani nambala ija ku inbox kuti mundiuze magalimoto ena amene amagwiritsa ntchito balasiti yomweyi.