Chotupa chofiira pamlomo wa mwana wa miyezi itatu

Mayi wa ku Zomba:
Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi itatu. Atangokwanitsa masabata awiri, pamlomo wake wam'mwamba panatuluka kadontho kofiira, ndipo tsopano kakula ngati njere ya mtedza moti kayamba kuchita bala akamayamwa. Apongozi anga akuti tikamuteme mphini kuti magazi oipa atuluke. Kodi chotupa chotere chimatha ndi mankhwala, kapena chimafunika opaleshoni?

Namwino wa ana:
Mayi, musalole kuti wina atemepo, chifukwa chotupacho ndi timitsempha ta magazi tothithikana, ndipo tikatemedwa magazi amavuta kuleka. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi chimene madokotala amachitcha hemangioma. Imakula mofulumira m'miyezi isanu yoyambirira, kenako imayamba kuphwa yokha mwana akamakwanitsa chaka, n'chifukwa chake zambiri amangoziyang'anira. Koma ya pamlomo, makamaka ikachita bala n'kumalepheretsa mwana kuyamwa, siyofunika kuidikira. Masiku ano amapereka propranolol, mankhwala akale a matenda a mtima ndi kuthamanga kwa magazi, amene madokotala a ku Bordeaux ku France anazindikira mu 2008 kuti amaphwetsa zotupazi. Mwana amayamba wapimidwa mtima ndi chifuwa, mlingo wake umatengera kulemera kwa thupi, ndipo amamwetsedwa atangoyamwa chifukwa mankhwalawa amatha kutsitsa shuga m'magazi. Musawagule nokha kusitolo ya mankhwala.

Dokotala wa mano:
Ndikugwirizana ndi anamwino, koma ndionjezepo kuti si chotupa chilichonse cha magazi m'kamwa chimene chimamva propranolol. Pali zina zimene munthu amabadwa nazo, zooneka zobiriwira palilime kapena m'tsaya, zimene zimakula pamodzi ndi thupi ndipo siziphwa zokha. Zimenezi amazibaya jakisoni wa mankhwala monga bleomycin kangapo kuti mitsemphayo iume n'kutsekeka. Choopsa kwambiri ndi chimene chimagunda ngati mtima mukachigwira. Chikakhala m'fupa la nsagwada, dzino limayamba kugwedera, ndipo wolizula asanajambule sikani angachititse kuti munthu ataye magazi ochuluka m'kanthawi kochepa. Choterocho amayamba atseka mitsempha yodzetsa magazi asanachite opaleshoni. Cha mwana wanuyu, popeza chinatuluka atabadwa kale n'kukula mofulumira, sichikuoneka ngati cha mtundu umenewu, komabe wotsimikiza ndi dokotala amene wachiona ndi maso. Pemphani kalata kuchipatala chanu yokutumizani kwa madokotala a ana ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Mayi wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera apongozi mayankho anuwa ndipo za mphini azisiya. Lolemba ndikapempha kalatayo, koma pakadali pano ndingapake chiyani pabalapo kuti asamamve ululu poyamwa?