Kodi nkhawa za mayi woyembekezera zingamunenepetse mwana akadzakula?

Nangozo wa ku Bembeke: Akuluakulu, ndithandizeni. Kusikelo amayi akuuzidwa kuti wapakati akamakhala ndi maganizo, mwana amadzanenepa kapena kudwala shuga atakula. Zikugwirizana bwanji? Mwana ali m'mimba amva bwanji mavuto a pakhomo?

Mzamba_Ntcheu: Mayi Nangozo, mwanayo samva ndi makutu, amamva kudzera m'magazi. Munthu akapanikizika, thupi limatulutsa homoni yotchedwa cortisol, yomwe imakweza shuga m'magazi ndi BP. Nsengwa ili ndi enzyme yotchedwa 11β-HSD2, ntchito yake ndi kufooketsa cortisol wa mayi asanafike kwa mwana. Kukangana kwa tsiku limodzi nsengwa imathana nako. Vuto ndi nkhawa ya miyezi: bambo ali ku Joni sakutumiza kanthu, ngongole ya feteleza, kumenyedwa. Njala nayo imachepetsa mphamvu ya enzyme ija, ndiye cortisol wochuluka amadutsa.

Akadutsa, mwana amakula pang'onopang'ono ndipo akhoza kubadwa osakwana 2.5 kg. Thupi lake limapangika mokonzekera kusowa: minofu yochepa, kapamba wotulutsa insulini (homoni yotsitsa shuga m'magazi) wocheperako mphamvu, ndi chizolowezi chosunga mafuta pamimba. Tosefa magazi ta mu impso timatha kupangika cha m'ma sabata 36 a mimba, tatsopano sitimeranso. Wobadwa ndi tochepa BP imamupeza msanga.

Aphunzitsi Jere, Lizulu: Ndiwonjezere umboni. Ku Netherlands kunagwa njala m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945. Anyamata omwe amayi awo anakumana ndi njalayo m'miyezi yoyambirira ya mimba anapezeka onenepa kwambiri kuposa anzawo pofika zaka 19. David Barker wa ku England anaonetsanso kuti obadwa ndi sikelo yotsika amadwala mtima kwambiri akakula. Wina anena kuti imeneyo ndi njala, si nkhawa. Zoona. Koma ku Quebec m'dziko la Canada, mu 1998, madzi oundana anagwetsa nthambo za magetsi, mabanja ena n'kukhala masabata mumdima ndi m'chisanu. Ofufuza anatsatira ana a amayi omwe anali oyembekezera nthawiyo, napeza kuti amene amayi awo anavutika kwambiri analinso onenepa kwambiri.

Komabe tisaopseze amayi. Izi zimangokweza chiopsezo, si chiweruzo, ndipo kuuza wapakati kuti "usadandaule, upweteka mwana" n'kumuwonjezera chodandaula china.

Mzamba_Ntcheu: Eya aphunzitsi. Kwathu kuno nkhawa siyenda yokha, imabwera ndi njala ya Januwale ndi Febuluwale, malungo ndi kuchepa kwa magazi, ndipo izi ndi zomwe tingazigwire ndi manja. Sikelo iyambike mimba isanapitirire masabata 12, maulendo akwane 8. Mapiritsi owonjezera magazi amwedwe tsiku lililonse, koma osamwera tiyi chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Fansida woteteza ku malungo amayamba mimba ikadutsa miyezi itatu, mwezi ndi mwezi, osachepera katatu, kuphatikiza kugona m'neti. Malungo amabisala m'nsengwa mayi osamva n'komwe kutentha thupi, mwana n'kumaperewera chakudya. Pa mbale pasakhale nsima ndi kachewere zokha. Nyemba, soya, usipa, dzira ndi chisoso zikhaleponso.

Mayi akatha masabata awiri osagona, osafuna kudya, kungolira, auze azamba mosabisa. Za nkhanza zipite ku Victim Support Unit ya polisi. Apongozi ndi alamu amulandire mtolo wa nkhuni ndi chidebe cha pachitsime.

Mlangizi wa ku Mayani: Pomwe ambiri timalakwitsa ndi mwana akabadwa. Akaoneka wochepa, agogo amathamangira phala lashuga ali ndi miyezi iwiri kuti "akhute". Ayi. Wochepayo aikidwe pachifuwa mwa kangaru, ayamwe bere lokha miyezi 6, kenako phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, bere likupitirira mpaka zaka 2. M'zaka ziwirizi tikufuna akule ndithu, makamaka msinkhu. Choopsa ndi wobadwa wochepa, wopinimbira, yemwe akadutsa zaka 2 ayamba kulemera msanga osatalika, chifukwa cha zakumwa zashuga, mandasi ndi tam'mapaketi. Choncho kusikelo ya ana musamangoona kilo. Pemphani amuyezenso msinkhu, zonse ziwiri zilembedwe m'buku lake.